Phunziro la Amayi: Phala, Madzi a Moyo ndi Mankhwala a M'khitchini Mwathu



Mayi wachitsikana mwana akamudwalira usiku sayamba wathamangira kwa dokotala. Amayamba wagogoda pakhomo pa amayi aakulu amene ali pafupi: apongozi ake, alangizi, kapena inuyo amene mumakhala naye pa benchi limodzi. Zimene mungamuuze pa ola limenelo ndizo adzachite, chifukwa amakukhulupirirani. Mukamuuza zoona, mwana uja mawa adzakhala akusewera pabwalo. Mukamuuza zimene tinangozolowera koma n'zolakwika, mutha kumuchedwetsa tsiku lathunthu, ndipo kwa khanda tsiku limodzi ndi lalitali kwambiri.

N'chifukwa chake phunziro lino likukhudza tonsefe, amene tili ndi ana kumsana ndi amene tikulera zidzukulu. Tiona zinthu zimene zili kale m'nyumba zathu, kaya tikhala ku Kapata, ku Mchini, ku Magwero kapena kumidzi ya ku Madzimoyo. Tiona zimene zimamanga thupi la mwana, zimene zimathandizadi akadwala, ndiponso pamene nzeru za m'khitchini zimathera.

Phala la mwana

Tiyambe ndi chakudya, pakuti mwana wodya bwino akadwala amachira msanga. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Kuno kum'mawa chiwerengero sichinali kutali ndi chimenechi. Zimenezi n'zodabwitsa, chifukwa chigawo chathu ndicho kwawo kwa nshawa. Dziko lonse limadziwa nshawa za Chalimbana, ndipo mbewu zatsopano amaziyesa pafupi pomwepa, ku Msekera. Nanga mwana angapinimbire bwanji pakhomo pamene pali nkhokwe? Yankho lake nthawi zambiri lili m'kapu ya phala.

Miyezi 6 yoyamba mwana afunika bere lokha, osati madzi, osati phala lamadzimadzi, osatinso madzi a mizu ngakhale kukutentha chotani mu Okutobala. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kudya, koma ayamwebe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Apa m'pamene ambirife timalakwitsa. Mimba ya mwana wa msinkhu umenewu ndi yaing'ono, imadzaza ndi kapu imodzi. Tikamuphikira phala la ufa woyera loyenderera ngati thobwa, tamudzaza madzi. Akhuta, agona, mayi nasangalala, koma thupi silinalandire kanthu. Yesani chonchi: tapani phala ndi supuni, nimuipendeketse. Likangotsika ngati madzi, ndiye kuti lachepa mphamvu. Phala labwino limakakamira pa supuni.

Mwina mayi anena kuti, "Koma amayi, phala lolimba mwanayu amalephera kumeza." Makolo athu anatisiyira nzeru imene sitiiganizira: chimera, chomwe chija timathira mu thobwa. Mapira kapena mawere akamera amakhala ndi mphamvu yosungunula ufa wophika. Phikani phala lolimba, liphuleni, lipole pang'ono, ndipo muthiremo kasupuni kamodzi ka ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita mphindi zochepa muona phala lija likufewa lokha popanda kuthiramo dontho la madzi. Kenaka libwezereni pamoto liwirenso pang'ono kuti tizilombo ta m'chimera tife. Mwana amwa mosavuta, koma chakudya chonse chili momwemo.

Ufa wake ukhale mgaiwa. Chimanga tikachikonola n'kuchiviika, mafuta ake ndi zambiri zomanga thupi zimapita ndi gaga kwa nkhuku ndi nkhumba. Ndidziwa kuti abambo ena nsima ya mgaiwa amaikana, amati ndi ya pa njala. Asiyeni, koma phala la mwana musanyengerere nalo. Ngati muli ndi soya, mukazingeni mpaka apse bwino, chifukwa wosapsa amavuta m'mimba, ndipo mupite naye kuchigayo pamodzi ndi chimanga: magawo 4 a chimanga, gawo limodzi la soya. Anzathu a ku Malawi ufa wotere amautcha Likuni Phala. Ngati soya palibe, nsinjiro zilipo. Tsiku lina thiranimo dzira, tsiku lina kapenta wokazinga ndi kusinja mpaka akhale ufa, mitu ndi minga yomwe, tsiku lina nkhwani kapena bonongwe wophika ndi kupota. Kasupuni ka saladi kaonjezera mphamvu ndipo kathandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba.

Za mazira ndinenepo pang'ono. Tinamva kuti mwana wodya mazira adzakhala wakuba, ndiponso kuti mayi wapakati akadya dzira adzabala mwana wopanda tsitsi. Palibe choona pamenepo. Dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zabwino koposa zimene mwana wa miyezi 6 angadye. Zimandimvetsa chisoni kuona mayi akugulitsa mazira a nkhuku zake kuti agulire mwana tokhwasula ta m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera.

Adye kangati? Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyamba ndi masupuni awiri kapena atatu mpaka kufika theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi. Wopitirira chaka adye zimene banja likudya, katatu kapena kanayi, ndi kachipatso kapena kambatata pakati. Akhale ndi mbale yakeyake. Mwana wa chaka chimodzi sangapikisane ndi akulu ake m'mbale imodzi. Pomwe iye akumbwandira mbamu yoyamba, ndiwo zatha.

Nshawa zimene timasiyira ana

Pano ndifuna tikhalepo pang'ono. Tikakolola nshawa timasankha zazikulu ndi zosalala kupita nazo ku msika. Zofota, zobooka ndi zakuda timati, "Izi n'za nsinjiro." Ndiye kuti zoipitsitsa ndizo zimalowa m'phala la mwana. Mu nshawa zotere ndi m'chimanga chofuka mumamera chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga chiwindi, atha kuyambitsa khansa ya chiwindi pakapita zaka, ndipo akatswiri amamuganizira kuti ndi chimodzi mwa zolepheretsa ana kukula. Choopsa n'chakuti kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Ambiri mukumbukira mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chija, pamene unduna wa za umoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu.

Tichitenji? Nshawa ziume bwino zisanalowe m'thumba, ndipo tisaziyanike pa dothi. Chizolowezi chowaza madzi makoko kuti asavute kuswa tichileke, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chuku chimafuna. Matumba asakhale pansi kapena kutsamira khoma, ayalireni mitengo. Posinja nsinjiro khalani pansi ndi lichero, musankhe imodziimodzi, ndipo zokayikitsa mutaye. Musapatse nkhuku kapena mbuzi yokama. Sinjani zochepa zokwanira masiku owerengeka. Ndipo mwana wamng'ono musamupatse nshawa zathunthu, zimatsamwitsa.

Zina zosasowa pakhomo

Zotsalazi muzidziwa kale, ndingokukumbutsani. Mchere ukhale wa ayodini, ndipo uzisungidwa m'chitini chotseka kutali ndi moto. Shuga wogulitsidwa m'Zambia anayamba kuikidwamo vitamini A mu 1998, koma chimenecho si chifukwa chomuunjikira m'phala. Mbatata yofiira m'kati, maungu, mango ndi mapapaya zili ndi vitamini A wambiri, chimodzimodzinso chimanga cha olenji chimene chinayamba kufalitsidwa m'dziko muno mu 2012. Mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chitambe konzani masamba akadali ambiri, ndipo muyanike pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu limaononga mavitamini. Ngumbi za m'Disembala, zimene ena amati inswa, ndi mbewa zathu zomwe a ku Lusaka amatiseka nazo, ndi ndiwo zomanga thupi zosachititsa manyazi.

Mayi wapakati ndi woyamwitsa asamwere tiyi pa chakudya, chifukwa tiyi amatsekereza ayironi wa mu nyemba ndi masamba kulowa m'magazi. Magwafa, masuku, ndimu kapena madzi a malambe amachita zosiyana, amathandiza ayironi kulowa. Mapiritsi oonjezera magazi a ku sikelo amwebe.

Liwombo likalowa

Tsopano tifike pa mankhwala amene ndikhulupirira kuti mayi aliyense ayenera kuwadziwa ngati dzina lake. Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimamupha kawirikawiri si kutsegulako, koma kutha kwa madzi m'thupi. Maso amalowa, pakamwa pamauma, akalira misozi siituluka, mikodzo imachepa, khungu la pamimba mukalitsina limachedwa kubwerera. Kwa khanda, liwombo limalowa.

Kwa zaka zambiri taona liwombo lolowa ngati nthenda payokha. Timapita kukafuna mizu, timatentha, timasakaniza ndi mafuta n'kumata pamutu. Ena amakankha m'kamwa ndi chala kuti liwombo likwere. Amayi, amene anatiphunzitsa zimenezi anali kuona bwino: anazindikira kuti mwana wolowa liwombo ali pangozi. Chimene sanadziwe ndi chifukwa chake. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, monga dzungu limafwapa likauma. Chomata pamutu sichibweza madzi. Madzi ayenera kulowera pakamwa.

Mankhwala ake ndi ORS, amene ambirife tinakula tikuwatcha madzi a moyo. Anadziwika mphamvu yake mu 1971 pa msasa wa anthu othawa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India. Kolera itabuka ndipo madiripi atatha, dokotala wina dzina lake Dilip Mahalanabis anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pochepera 4. Chinsinsi chake n'chakuti m'matumbo shuga amanyamula mchere kulowa nawo m'thupi, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Pachifukwa ichi muyeso ndi wofunika. Shuga akachuluka, madzi amakokedwa kuchoka m'thupi kupita m'matumbo, ndipo kutsegula kumakula. N'chifukwa chake zakumwa za m'mabotolo si mankhwala. Mchere ukachuluka ungavulaze mwana.

Chabwino koposa ndi paketi ya ORS ya ku chipatala kapena yogula, yosungunula m'madzi a muyeso umene walembedwa pa paketipo. Werengani, chifukwa mapaketi ena ndi a lita imodzi, ena ndi aang'ono. Pakhomo pa mwana wamng'ono pasamasowe mapaketi awiri. Koma ngati ndi usiku ndipo paketi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kupola, ndiwo mabotolo awiri a 500 ml. Thiranimo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga, tosalaza osati ta mulu, ndi theka la kasupuni ka mchere. Lawani: asawawe kuposa misozi. Amenewa ndi ongogwirizira mpaka kutacha.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Wamkulupo amwe theka mpaka kapu yodzaza. Mumwetseni ndi supuni pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambenso modekha. Otsala akagona maola 24 atayeni. Bere lisaleke, chakudya chisaleke. Mawu akuti "m'mimba mupume" anapweteketsa ana ambiri. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa milungu iwiri kuti abweze thupi.

Kuyambira 2004 bungwe la WHO ndi UNICEF amalangiza kuti ORS aziyendera limodzi ndi mapiritsi a zinki, kwa masiku 10 mpaka 14, piritsi limodzi pa tsiku, theka kwa khanda losakwana miyezi 6. Zinki amafupikitsa matendawa ndi kuteteza kuti asabwerenso msanga, choncho mwana amalize ngakhale waoneka kuti wachira. Mwina simudziwa kuti anzathu a ku Katete anathandiza dziko lonse pa nkhaniyi. Mu 2012 kabokosi kotchedwa Kit Yamoyo, kokhala ndi ORS, zinki ndi sopo, kanayesedwa m'magolosale a kumidzi ya Katete ndi Kalomo, ndipo mu 2019 WHO inaika ORS ndi zinki zolongedza pamodzi pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika.

Nanga masamba a gwafa? Akulu ambiri amawiritsa n'kumwa, ena amati amawathandiza. Sindilimbana nawo. Koma kwa mwana asalowe m'malo mwa ORS, ndipo khanda lisapatsidwe konse. Makapisozi ogula pa kantemba nawonso ayi. Kutsegula kwa madzi kwa ana nthawi zambiri sikufuna mankhwala otere. Tisadzinamizenso kuti "akumera mano". Pa msinkhu umenewo mwana amakwawa ndi kuika chilichonse m'kamwa, ndiye gwero lake. Katemera wa rotavirus, amene anafika m'dziko lonse mu 2013, sopo pa manja, ndi madzi owiritsa kapena othira Clorin ndizo zitchinjirizo. Kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inapha anthu oposa 700 ndi kuchedwetsa sukulu kutsegulira mpaka Febuluwale, inatikumbutsa zimenezi mowawa.

Musadikire kunyumba ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati mwana akusanza chilichonse, akukana kuyamwa kapena kumwa, wafooka ngati wogona tulo, kapena liwombo ndi maso zalowa kale. Muberekeni mupite, mukumumwetsa panjira.

Chifuwa, moto ndi kutentha thupi

Chimfine wamba chimatha chokha. Mwana wopitirira chaka mutha kumupatsa kasupuni ka uchi pogona, kapena madzi ofunda a ndimu ndi uchi, kuti pakhosi pafewe. Koma uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka, ngakhale kongolawitsa, chifukwa mutha kukhala tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato. Jinja ndi adyo n'zabwino kwa akulu. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kapumidwe. Vulani mwana malaya ali phee, muwerenge mpweya kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka mpaka zaka 5 akafika 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa popuma, chingakhale chibayo. Chimenecho uchi suchiza.

Mu Juni ndi Julayi ana ambiri amapsa ndi mbaula kapena phala. Thirani madzi ozizira oyera pa balapo kwa mphindi 20, kenaka phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, saladi kapena dothi. Matuza musaboole. Bala likakula kuposa chikhatho cha mwanayo, kapena likakhala kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, pitani ku chipatala. Mbaula isagone m'nyumba yotseka, utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo. Parafini musasunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangani naye.

Pa kutentha thupi ndilankhule mosabisa. Kuno kwathu mwana akatentha thupi tiyambe taganiza malungo, ndipo malungo sadziwika ndi dzanja pamphumi, amadziwika ndi kuyeza magazi. Masamba a nimu, a papaya, kapena kufukiza ndi bulugamu sizichiza malungo a mwana. Panado amatsitsa kutentha koma tizilombo timangochulukabe m'magazi. Mwana ayezedwe tsiku lomwelo. Akapezeka nawo, Coartem amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, pamodzi ndi bere kapena chakudya cha mafuta pang'ono, ndipo amalize onse. Musasungireko mng'ono wake. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi, kapena mwana aliyense akakomoka ndi kugwedezeka, palibe za kunyumba. Chipatala chimene chili pafupi ndicho chanu, kaya ndi kiliniki ya m'dera lanu, Chipata Central, Mwami, Kamoto, Nyanje kapena St Francis.

Mwina mukuti, "Kodi si ife tinalera ana asanu ndi awiri ndi mizu yomweyi?" Zoona, munalera, ndipo zambiri zimene munaphunzira n'zabwino: chimera, mfutso, nsinjiro, kuyamwitsa nthawi yaitali, kukhala pafupi ndi mayi wachikuta. Koma tikawerenga bwino, ambirife tili ndi manda aang'ono kumudzi amene sitiwatchula. Mtsikana wa lero akabwera ndi khadi la ku sikelo nanena zimene anamwino amuuza, tisamuyese wamwano.

Zochita ndi zokambirana

Pa msonkhano wotsatira wina abweretse mgaiwa, wina nsinjiro, wina chimera, wina botolo la 500 ml ndi kasupuni ka tiyi. Phikani phala lolimba pamaso pa onse, muone mmene chimera chilifewetsera. Aliyense ayese yekha kusakaniza madzi a mchere ndi shuga, alawe. Itananinso amayi achitsikana amene sanalowe Chigwirizano, ndipo ngati pali namwino mu mpingo mwanu akhale nanu. Mukatero kambiranani izi:

Kodi kwanu kuno mwana akalowa liwombo anthu amachita chiyani, ndipo ndani amalamula zochita, mayi wa mwana, abambo kapena agogo?

Mpongozi wanu akakana mankhwala amene inu munalerera ana anu, mungamuyankhe bwanji? Nanga inu amayi achitsikana, mungawauze motani apongozi mwaulemu kuti mukupita ndi mwana ku chipatala?

Ndi mabanja ati m'dera lanu amene mwana akadwala usiku alibe njinga kapena ndalama yoyendera, ndipo angagogode pakhomo pa yani?